Singano ya ku Mbombwe

Senderani pafupi, adzukulu anga, mawu anga safikanso patali ngati kale. Iwe wabwera kuchokera kuchigayo, tandipatsa ndalama yatsalayo, ya K2000 ija. Mwamuona munthu ali apayu? Nonse mukuti ndi John Chilembwe, ndipo mukudziwa kuti pa 15 Januwale simupita kusukulu chifukwa cha iye. Koma ndikati mundiuze zimene anachita, mungonditchulira usiku umodzi wokha, usiku wa mikondo. Inetu ndinakulira pamiyendo pa munthu amene anamuona ndi maso, agogo anga obereka mayi anga, ndipo iwo akati ayambe nkhani ya ku Mbombwe ankayambira pa singano.

Singanoyo ndinaiona ndi maso angawa. Ankaisunga m'kabango kotseka ndi kachidutswa ka chitsononkho, ndipo kabangoko ankakasomeka kudenga, pamwamba pa khomo lolowera kuchipinda. Inali itachita dzimbiri, sankasokeranso. Zovala zathu ankasokera singano zina zogula kwa amwenye. Mwana akagwira kabangoko ankalawa chikoti cha nthambi ya pichesi.

Agogo anabadwira kutsidya, kwa Apwitikizi, kumene lero mukuti Mozambique. Anali Alomwe. Makolo awo anathawa nkhanza za kumeneko, nadutsa m'mbali mwa phiri la Mulanje, agogo ali kumsana. Atafika kuno anapeza kuti nthaka yabwino yonse ili kale m'manja mwa azungu a minda. Mlendo wofuna pomanga nyumba ankauzidwa kuti manga, koma udzalipira ndi manja ako. Imeneyo ndiyo thangata. Mawuwa poyamba anali abwino, ankanena za kuthandizana pakati pa anthu: lero tilime kwa uyu, mawa kwa uyo, pomaliza timwe thobwa limodzi. Eni minda anawatenga mawu athu omwewo n'kuwasandutsa goli. Mwamuna ankagwira mwezi umodzi wolipirira malo, mwezi wina wolipirira msonkho wa nyumba, ndipo mwezi wa kumunda kwa mzungu sunkatha monga umathera mwezi wakumwamba. Kapitawo akapanda kuchonga tikiti yako chifukwa ndime sinathe, tsiku limenelo lapita pachabe. Choipitsitsa, ankawafuna anthu nthawi ya dzinja, pamene munda wawo womwe ukufuna khasu. Bambo awo a agogo ankabwera madzulo n'kupeza chimanga chawo chitamizidwa ndi udzu. Tikiti imene moyo wawo wonse unkadalira sankatha kuiwerenga, ankangoiyang'ana ngati tsamba.

Tsono m'dziko lotere ndi mmene munabwerera mwana wa ku Chiradzulu konkuno, atavala suti ndi chipewa.

Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871, bambo ake Myao, mayi ake Mmang'anja. Mu 1892 analowa ntchito yapakhomo kwa mmishonale wina wa ku England, Joseph Booth, amene anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, kufupi ndi Blantyre. Booth anali mzungu wosiyana ndi anzake, wosaopa kunena poyera kuti Afirika ndi ya anthu a mu Afirika, ndipo azungu anzake ankadana naye chifukwa cha pakamwa pakepo. Mu 1897 anamutenga Chilembwe kupita naye ku America. Kumeneko mnyamatayo analandiridwa ndi anthu akuda a mpingo wa Baptist, ana a akapolo, amene anamulipirira sukulu ya ubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Anaona anthu a khungu ngati lake ali ndi makoleji awoawo, manyuzipepala awoawo, matchalitchi a njerwa omanga ndi ndalama za m'matumba mwawo. Anaonanso mmene ankawazunzira. Zonse ziwirizi anabwera nazo.

Anabwerera mu 1900, mpingo wa National Baptist Convention ukumuthandiza, nagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe. Malowo anawatcha Providence Industrial Mission, ife timangoti PIM. Mawu apakatiwo ankatanthauza ntchito za manja. Iye ankafuna kuti munthu wobwera pamalopo aphunzire kupemphera, kuwerenga, ndi luso loti adzidyetse nalo popanda kugwada kwa mwini munda. Mu 1901 kunabwera m'busa wakuda wa ku America, Landon Cheek, ndipo mu 1902 kunabwera mayi wina, Emma DeLany, wophunzira ku Spelman mumzinda wa Atlanta, wodziwa za unamwino. Awiriwa anakhala mpaka 1906. Mayi DeLany ndi amene anayambitsa ntchito ya amayi, ndipo atachoka anaipitiriza ndi mkazi wa Chilembwe, Mayi Ida.

Agogo anafika pamenepo ali mtsikana wosatha msinkhu, atavala kansanza kamodzi komangira pakhosi. Ankati chinthu choyamba chimene chinawadabwitsa chinali kuona akazi akuda atakhala pamipando, atavala madiresi aatali ofika kuakakolo, okhala ndi manja, osokedwa ndi iwo eni. Kufikira tsiku limenelo ankaganiza kuti diresi limamera pathupi pa dona. Anawapatsa kachigamba ndi singano. Sabata yonse yoyamba inathera pa kulowetsa ulusi pabowo ndi kusoka mzere umodzi woongoka. Ukasoka mokhota ankakuuza kuti sula, yambanso. Chala ichi chamkombaphala chinatupa ndi kubayidwa, usiku ankachiviika m'madzi amchere. Atadziwa mzere anawaphunzitsa kupinda m'mphepete, kenako kuika batani, kenako kuyeza munthu ndi chingwe n'kudula nsalu osaiwononga, pakuti nsalu inali yodula, kudula molakwa kunali ngati kutaya ufa.

Ndikamakuuzani izi mwina mukuona ngati zazing'ono, inu amene mumagula malaya pa kaunjika ndi ndalama ya mandasi. Koma taganizani. Mtsikana wa nthawi imeneyo njira yake inali imodzi: akatha msinkhu, chinamwali, banja, mwana kumsana asanakhwime n'komwe. Chilembwe zimenezi zinkamupweteka mtima, ndipo ankalembera anzake a ku America kuwapempha kuti athandize mkazi wake pa ntchito yophunzitsa atsikana. Mkazi wodziwa kusoka ankatha kupeza kobiri yakeyake. Mkazi wodziwa kuwerenga ankatha kuona ngati tikiti ya mwamuna wake yachongedwa moona. Agogo ankanena kuti tsiku limene anawerengera bambo awo masiku a patikiti, n'kuwauza kuti apa pasowa masiku atatu, bambowo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatuluka panja. Kudandaula sanakadandaule, ankadziwa mayankhidwe ake. Koma kuyambira pamenepo sanaletsenso mwana aliyense kupita kusukulu.

Kuwerengako ankaphunzira m'mawa, pasileti, ndipo masileti akachepa ankalemba pansi ndi chala. Sukulu sinali ya ana okha. Madoda a ndevu zawo ankakhala kumbuyo, akubwereza a, e, i, o, u pamodzi ndi adzukulu awo. Pofika 1912 sukulu za PIM, za pa Mbombwe ndi za m'midzi yozungulira, zinali ndi ana pafupifupi 1,000 ndi akuluakulu pafupifupi 800. Boma silinaikepo dzanja pomanga sukuluzo. Nthawi imeneyo boma la atsamunda linalibe ngakhale sukulu imodzi yakeyake ya anthu akuda, maphunziro onse anali m'manja mwa mamishoni. Kusiyana kwake n'kwakuti pa Mbombwe mwini sukulu, mphunzitsi ndi wophunzira onse anali anthu akuda.

Za njerwa ndiye agogo ankazikamba maso akuwala. Chilembwe anafuna tchalitchi chachikulu cha njerwa zootcha, choti aliyense wodutsa aone kuti wakuda angathe. Anthu anakumba dothi, kulithira madzi, kuliponda ndi mapazi mpaka litafewa ngati phala la mwana. Amuna ankaliponya m'chikombole, kusalaza pamwamba, n'kuthamanga nacho kukakhuthula pabwalo losesedwa bwino. Atsikana ntchito yawo inali kutunga madzi kumtsinje ndi kufunditsa njerwa zaziwisi ndi udzu kuti dzuwa lisazing'ambe. Zikauma ankazisanja mu uvuni, kumata kunja ndi matope, n'kusonkhezera moto usana ndi usiku osaulola kuzima. Agogo ankati usiku wootcha njerwa palibe ankagona, ankaimba nyimbo za mpingo atazungulira moto, nkhope zili psuu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limenelo linasenzedwa ndi anthu osauka, ambiri a iwo alendo opanda ngakhale munda wawowawo. Tchalitchicho chinatha mu 1913, pakati pa zaka za njala.

Chilembwe ankadziwanso mphamvu ya chithunzi. Ankaitana wojambula kuti ajambule ana a sukulu, amayi osoka, tchalitchi, banja lake, ndipo zithunzizo ankazitumiza ku America kuti amene akusonkha ndalama aone kumene zikupita. Chithunzi china cha 1914 chikumuonetsa ataima pafupi ndi mmishonale wachizungu, John Chorley, onse awiri zipewa zili kumutu. Inu simungaone chachilendo pamenepo. Koma masiku amenewo wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankamva mawu akuti "Chotsa chipewa!" ndipo wochedwa kuchotsa ankatha kumenyedwa. Chithunzi chomwecho ndi chimene mwana wa kuno kwathu, Samson Kambalu, anatengera pokonza chiboliboli chimene chinaimikidwa pabwalo la Trafalgar Square ku London mu 2022, Chilembwe ali wamtali kuposa mzunguyo, chipewa chili pomwepo. Nditamva zimenezi pawailesi ndinalakalaka agogo akanakhalapo.

Anayesanso kusonkhanitsa anthu akuda amene anali atayamba timabizinesi ndi minda yawo. Mu 1909 anakhazikitsa bungwe lotchedwa Natives' Industrial Union, loti azithandizana ndi kuyankhula ndi mawu amodzi pamaso pa boma. Silinapite patali, ndalama zinali zochepa. Pamishoni pomwepo ankalima thonje ndi khofi kuti ntchito iziyenda yokha osangodalira za kunja, koma ngongole sizinamusiye, ndipo chifuwa cha mphumu chinkamuvutitsa.

Kumpoto kwa Mbombwe kunali minda yaikulu ya A. L. Bruce Estates, likulu lake ku Magomero, woyang'anira wake William Jervis Livingstone. Anthu ambiri okhala m'mindamo anali a mpingo wa PIM, ndipo ankamanga tinyumba taudzu topemphereramo, tomwenso tinali sukulu zawo. Eni mindawo sankafuna sukulu pamalo pawo, ndipo tinyumbato tinkatenthedwa. Anthu akamanganso, moto ubweranso. Apa mpamene ine mtima umandiwawa kwambiri m'nkhani yonseyi. Munthu wotentha sukulu yaudzu, yopanda chitseko, yopanda mpando, akuopa chiyani? Ankaopa chimene chinachitika m'nyumba ya agogo anga, mwana kuwerenga tikiti.

Kenako kunabwera nkhondo ya azungu okhaokha, ya Angelezi ndi Majeremani. Mu Sepitembala 1914 inafika ku Karonga, ndipo amene anagwa ambiri anali asilikali akuda, mbali zonse ziwiri. Ena ankagwidwa kukasenza katundu, amtengatenga. Chilembwe anatenga cholembera. Mu Novembala chaka chomwecho analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kufunsa chifukwa chimene anthu osauka, opanda kanthu m'dziko lawo lomwe, akufera nkhondo imene sakuidziwa mutu wake, n'kusiya akazi amasiye amene mawa lake adzafunsidwanso msonkho. Anafunsanso ngati nkhondo ikadzatha padzakhala chabwino chilichonse cha wakuda. Inali kalata yaulemu, yosainidwa m'malo mwa anthu a mtundu wake. Boma linailetsa kuti isafalitsidwe, ndipo linayamba kukonza zomuchotsa m'dziko.

Za usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 mumazidziwa, ndingodutsamo. Anthu ake anapita ku Magomero, napha Livingstone n'kumudula mutu. Anaphanso azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson. Akazi ndi ana a azungu sanawapweteke. Gulu lina linapita ku Blantyre kukathyola nyumba ya mfuti ya kampani ya Mandala, koma linabwerako ndi mfuti zochepa. Sindikubisirani, magazi anakhetsedwa, ndipo agogo sankaikamba mbali imeneyi mokondwa. Ankangoti munthu uja anagogoda pakhomo zaka khumi ndi zinayi, ndi sileti, ndi njerwa, ndi kalata, ndipo palibe anamutsegulira. Pa 3 Febuluwale anamuombera Chilembwe akuthawira chakumalire a Mozambique. Manda ake sanaikidwe chizindikiro. Anzake monga John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, anthu ophunzira, a minda ndi mabizinesi awo, anaphedwa ndi boma pamodzi ndi ena makumi angapo, ndipo pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende. Tchalitchi chija, chimene sichinathe ndi zaka ziwiri zomwe, asilikali anachiphulitsa ndi mabomba.

Agogo anathawira kuphiri ndi mayi awo, nakhala kumeneko masiku angapo akudya zikhawo zosaphika. Midzi yambiri inatenthedwa. Atatsika, dzina la PIM linali ngati khala lamoto, palibe ankafuna kuligwira. Diresi limene anasoka ndi manja awo analikwirira pansi pa nkhokwe, chifukwa chovala chotero chinkaulula kumene munthu waphunzira. Anabwerera ku nsanza. Wina akawaonetsa pepala ankapukusa mutu ngati sadziwa kanthu. Chimene anasunga ndi singano yokha, m'kabango kaja, pakuti singano ndi yaing'ono, msilikali sangaione. Mayi Ida anamwalira mu 1918, pa mliri wa chimfine chija chinapulula anthu dziko lonse.

Mukanakhala inu mukanati basi, zathera pomwepo. Boma nalonso linkaganiza choncho. Koma panali mnyamata wina amene linamuiwala.

Dzina lake Daniel Sharpe Malekebu, wa ku Chiradzulu konkuno, mmodzi wa ana oyamba a sukulu ya pa Mbombwe. Ankathandiza ntchito zapakhomo kwa Mayi DeLany. Mayiwo atabwerera kwawo, mnyamatayo mtima sunakhale m'malo, ankafuna maphunziro amene anawamva. Makolo anakana. Iye anathawa, nayenda wapansi mpaka ku doko la Beira. Tayesani kuganiza mtunda umenewo, mwana wosafika zaka makumi awiri, m'thengo la mikango. Ku Beira anapeza ntchito m'sitima yapamadzi, nafika ku London, kenako ku New York mu 1907. Mayi DeLany ndi anzawo a mpingo anamulandira. Anaphunzira ku Selma m'chigawo cha Alabama, ndi ku Durham m'chigawo cha North Carolina, mpaka mu 1917 anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville. Ameneyo ndiye dokotala woyamba wakuda wochokera m'dziko lathu lino. Pamene tchalitchi chinkaphulitsidwa kuno, mwana wa sukulu yomweyo anali akuphunzira mafupa a munthu kutsidya kwa nyanja.

Mu 1919 anakwatira Flora Zeto, mayi wobadwira ku Congo amene anakulira ku America n'kuphunzira ku Spelman komwe kuja. Mu 1921 anayesa kubwerera kwawo, koma boma linawabweza, linkaopa kuti Chilembwe wina wafika. Anakakhala ku South Africa, kenako ku Liberia, akuphunzitsa, akulemba makalata opempha chilolezo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zaka zisanu zinadutsa, ndipo mu 1926 anawalola. Mu Juni chaka chimenecho PIM inatsegulidwanso.

Malekebu njira yake inali yofatsa. Ankadziwa kuti maso a boma ali pa iye usana ndi usiku. Anayambanso sukulu, anamanga chipatala, Mayi Flora anasonkhanitsanso amayi ndi atsikana, ndipo anthu anaumbanso njerwa n'kumanga tchalitchi china chachikulu pafupi ndi mabwinja a choyamba chija, chimene mukapita lero muchipeza. Madandaulo a anthu, a malo ndi a thangata, ankawapititsa ku boma kudzera m'bungwe la anthu a m'boma la Chiradzulu, pamsonkhano ndi papepala. Ena ankati ndi wamantha poyerekeza ndi Chilembwe. Ine sindivomereza. Kubwerera pamalo pamene mphunzitsi wako anaphedwera, n'kuyala maziko pambali pa njerwa zake zophwanyika, si ntchito ya munthu wamantha. Anakhala ndi moyo mpaka 1978, anaona thangata itatha ndi mbendera ya atsamunda itatsika.

Mbiri yoti kwabwera dokotala wakuda, mwana wa pa Mbombwe, inafika m'mudzi mwathu agogo ali mayi wa ana atatu. Woyamba anali mayi anga, wa zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Anthu ambiri anayamba adikira kaye, kuti aone ngati asilikali sabweranso. Agogo anagulitsa nkhuku ziwiri, nagula nsalu ya biriwita, natsitsa kabango kaja kudenga. Singano inali ndi dzimbiri pang'ono, anaikwecha pamwala wonolera mpeni mpaka inawala. Anamuyeza mwanayo ndi luzi, nadula nsalu ndi mpeni wakuthwa poti sizasi analibe, nasoka masiku atatu atakhala pakhonde, anthu odutsa akuima n'kumadabwa kuti mayi uyu luso limeneli analitenga kuti. Ngakhale agogo aamuna sankadziwa. Imeneyo inali ntchito yomaliza ya singanoyo.

Lolemba lotsatira anadzuka tambala woyamba, namuveka mwanayo diresi, nayenda naye mpaka ku Mbombwe. Mphunzitsi anali atakhala patebulo pansi pa mtengo, kaundula ali patsogolo, akulemba maina a ana ndi a makolo awo. Anafunsa dzina la mwana, nalemba. Anafunsa dzina la mayi. Agogo anatambasula dzanja, napempha cholemberacho. Mayi anga ankati dzanjalo linkanjenjemera, ndipo zilembo zinatuluka zazikuluzikulu, zopendama, ngati za mwana wa kalasi yoyamba, chifukwa panali patadutsa zaka khumi ndi chimodzi asanagwire cholembera. Mphunzitsiyo anayang'ana dzinalo, nayang'ana agogo, nawafunsa kuti, "Mayi, munaphunzira kuti?" Iwo analoza ndi chala kumene kunali mulu wa njerwa zophwanyika, utamera udzu.